Chikhululuko cha M'mabulaketi

Chishala anabwerera kwawo ku Mufulira kudzapuma atamaliza chaka chachiwiri ku seminale, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Maphunziro a ubusa anali atamukwera m'mutu ngati kachasu. Mkazi wake Chibesa anamuchenjeza kuti Lamlungu kudzabwera bambo a mkaziyo, a Katongo, mkulu wa mpingo amene ankalumbira kuti m'Baibulo mulibe ngakhale kadontho kolakwika. Anamuchonderera kuti za Chigiriki zakezo azisiye m'chikwama. Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Chakudya chili mkati, a Katongo anayamba nkhani yawo ya masiku onse, ya mayi wogwidwa akuchita chigololo amene Yesu anakana kumuweruza. Aliyense m'banjamo ankadziwa chifukwa chimene ankaikondera. Chibesa atatenga mimba ali pasukulu, bambo akewo anamupirikitsa, ndipo anadzamubwezera pakhomo atawerenga nkhani imeneyi. Mwanayo, Mapalo, Chishala anamupeza akuyenda kale, n'kumulera ngati wake.

Ndiye mkamwini wophunzirayo, m'malo motafuna chikanda chake mwaulemu, anatsokomola n'kunena kuti nkhaniyo mulibe m'mipukutu yakale kwambiri ya Yohane, n'chifukwa chake Mabaibulo ena amaitsekera m'mabulaketi. Anafulumira kuwonjezera kuti iye amaikondabe, ndipo ngakhale aphunzitsi ake amakangana pa zimenezi, koma madzi anali atatayika kale.

A Katongo anamenya tebulo mpaka makapu anagwa. Anafunsa ngati mwana wawo anamupereka kwa m'busa kapena kwa munthu wong'amba Mawu a Mulungu, kenako analamula Chibesa kuti alongedze, atenge Mapalo, abwerere nawo kwawo. Chishala anapepesa, koma mapepeso ake anatulukanso ndi mayina a mipukutu, moti anangothira mafuta pamoto.

"Bambo a Mapalo, mwakhuta tsopano?" anatero Chibesa, misozi ili mbwembwembwe. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

"Msiye alankhule," anatero a Katongo. "Ngati nkhaniyo anangoikamo anthu, ndiye kuti ine ndinapusitsidwa. Chitseko changa ndinachitsegula pachabe."

Chibesa anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake monga anaphunzitsidwira, koma mtima wake unali ukuwira.

"Ababa, ndiye kuti pakanapanda nkhaniyo mukanandisiya panja? Ine ndinkayesa kuti munandisowa."

Mkulu wa mpingo, amene sankasowa vesi pamaliro kapena paukwati, anangoyang'ana makapu pansi. Chibesa anatembenukira kwa mwamuna wake mokwiya, n'kumufunsa vesi limene iye anawerenga kuti amukwatire ali ndi mwana m'manja.

Chishala anakanda m'mutu, nzeru zonse za ku seminale zitamuthawa. "Palibe, mayi. Ndinangokukondani."

Chibesa anadzuka, anakatenga jekete la bambo ake, n'kuwapatsira ndi manja awiri.

"Muyende bwino, ababa. Wolongolola yemweyu ndi amene ndikhale naye."

A Katongo anatuluka n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu. Chishala anasendera kuti agwire dzanja la mkazi wake, koma Chibesa analikankha, pakuti naye anali asanamukhululukire. Anakhala pansi pakhomo la kuchipinda n'kulira mokweza, kulirira zaka zonse zimene ankauza anthu monyadira kuti bambo ake anachita kumulondola okha chifukwa cha chikondi.