Kotone ndi Miyendo ya Ababa

Kotone ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukwera pamwamba pa Linga ndi bambo ake.

Linga ndi nyumba ya mafumu akale. Lili paphiri, pakati pa tauni yathu kuno ku Japan. Ndi loyera mbee. Ndi lalitali kwambiri. Alendo amabwera kudzaliona tsiku ndi tsiku.

Koma denga lake linali litatha. Amisiri ankafuna kulikonza, ntchito yotenga zaka zambiri. Tsikuli linali lotsiriza kulowamo. Likadzatsegulidwanso, Kotone adzakhala atakula.

Bambo ake a Kotone amakoka ngolo ya alendo. Ngoloyo ili ndi matayala awiri aakulu. Ili ndi mpando wofiira. Alendo amakhala pampando. Bambo amagwira mitengo iwiri kutsogolo n'kumathamanga. Ntchito imeneyi si yamasewera, ndikukuuzani.

M'mawa Bambo anati, "Lero tikwera, mwanangu. Ndikatsitsa alendo oyamba, tipita."

Kotone anakhala pabenchi pafupi ndi mlatho. Ngolo zimaima pamenepo.

Alendo anali ambiri. Aliyense ankafuna kuona Linga lisanatsekedwe. Bambo anakoka alendo oyamba. Anawaonetsa ngalande ya nsomba zofiira. Anawaonetsa nyumba za asilikali akale. Anawajambula chithunzi pachipata cha Linga. Kenako anabwerera kumlatho.

"Tiyeni, Ababa," anatero Kotone.

Koma alendo ena anali atakwera kale.

"Dikira pang'ono," anatero Bambo.

Kotone anadikira.

Misewu ya kwathu kuno ndi yokhotakhota. Makolo anaipanga dala kuti adani asochere. Adaniwo anatha kalekale. Masiku ano imangotopetsa miyendo ya anthu osalakwa.

Dzuwa linafika paliwombo. Bambo anabwera thukuta lili kamukamu. Anamugulira Kotone dango, timipira ta mpunga tolasa pa kamtengo.

"Tiyeni, Ababa."

"Idya kaye. Dikira pang'ono."

Kotone anadya. Kotone anadikira. Anatopa ndi benchi. Anatopa ndi nsomba zofiira. Anatopa ndi kudikira.

Ankangoyang'ana bambo ake. Pamaso pa alendo, Bambo ankamwetulira. Akatembenuka n'kugwira mitengo, kumwetulira kunkatha.

Dzuwa linapendeka. Alendo anachepa. Bambo anaika mitengo ya ngolo pansi. Anakhala pabenchi. Anausa moyo.

"Tiyeni tsopano, Ababa. Atseka chipata."

Bambo anayesa kuimirira. Miyendo inanjenjemera. Anakhalanso pansi.

"Miyendo yakana, mwanangu. Phirilo sindilitha. Pepa."

Mtima wa Kotone unawawa. Anafuna kulira. Anayang'ana Linga. Anayang'ana ngolo.

"Kwerani ngolo," anatero. "Ndikukokani ine."

"Iweyo? Wokoka ngolo sakwera ngolo. Anthu andiseka."

"Aseke. Kwerani basi."

Bambo analibe mphamvu zotsutsana naye. Anakwera.

Kotone anagwira mitengo ija. Anakoka. Ngolo sinasunthe. Anakokanso. Ngolo inangokhala duu.

Pafupi panali a Genta. Nawonso amakoka ngolo. Anali atagona chagada paudzu, chipewa chili kumaso. Anachikweza pang'ono.

"Iwe kachiwala, ukuti utani ndi chimunthu chonsechi?"

"Tikupita ku Linga, amalume. Ababa anandilonjeza."

"Usandiyang'ane ine. Ndatheratu. Ngakhale udzudzu ukhoza kundigwetsa."

Kotone anagwiritsitsa mitengo. Anakokanso. Nsapato zake zinaterereka. Anagwa ndi bondo. Anadzuka n'kugwiranso mitengo.

A Genta anamuyang'ana. Anapukusa mutu. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Mwana uyu ndi wamakani. Pita kumbuyo, uzikakankha."

A Genta anakoka. Kotone anakankha. Ngolo inayamba kuyenda.

"Achimwene, mwadya miyala kodi?" anafunsa a Genta.

"Koka, usiye zolongolola," anayankha Bambo. Kenako anagwiragwira mpando. "Kani mpandowu ndi wofewa chonchi? N'chifukwa chake alendo safuna kutsika."

Anadutsa pa mayi wogulitsa dango. Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Taonani mlendo wa lero. Mwachokera kutali, bwana?"

Bambo anabisa nkhope ndi chipewa.

Msewu unakhota. Unakhotanso. Phiri linayamba. Kotone anakankha. Manja anamuwawa. Mpweya unamuthera. Anakankhabe.

Pachipata panali a Hirota, mlonda wa Linga. Ndi munthu wokalamba. Anali akukankha chitseko chachikulu.

"Mwachedwa," anatero.

Kotone anawerama. "Chonde, agogo. Ababa anali pantchito."

A Hirota anayang'ana m'ngolo. Anawazindikira Bambo.

"Ndinu? Tsiku lililonse mumathera pachipata pano. Munalowamo kale m'menemu?"

"Ayi," anatero Bambo mwamanyazi. "Ndimangobweretsa anthu."

A Hirota anayang'ana Kotone. Kenako anasiya chitseko.

"Lowani. Koma musachedwe. Nanenso msana wandikwana."

"Ine ndilonda ngolo," anatero a Genta. Anakhala pampando wofiira uja. Nthawi yomweyo anayamba mkonono.

Pakhomo anavula nsapato. Anaziika m'matumba. Kotone ananyamula matumba onse awiri.

M'kati munali kamdima. Matabwa anali ozizira kumapazi. Masitepe anali oimirira ngati makwerero. Amene anawapanga analibe chisoni, ndithu.

Kotone anatsogola. Bambo ankakwera ndi manja ndi miyendo, ngati mwana wokwawa. Anakwera. Anapuma. Anakweranso.

"Dikira pang'ono," anatero Bambo.

Kotone anadikira. Ulendo uno sanadandaule. Anawapatsa dzanja.

Anakwera. Anapuma. Anakweranso. Kenako masitepe anatha.

Pamwamba panalibe munthu. Kamphepo kankalowa pazenera. Kotone anathamangira pazenerapo. Bambo anamutsatira chotsimphina.

Tauni yonse inali pansi pawo. Anaona mtsinje ndi mlatho. Anaona kachisi ndi siteshoni ya sitima. Madenga anali ang'onoang'ono. Misewu inali yambiri. Inali yaitali. Inakhota uku ndi uku mpaka kutali.

"Taonani benchi yathu ija," anatero Kotone. "Kodi tachokera kutali chonchi?"

"Eya."

"Nanga inu mumathamanga msewu uti, Ababa?"

Bambo analoza kumtsinje. Analoza kukachisi. Analoza kusiteshoni. Kenako anatsitsa dzanja.

"Yonseyo," anatero.

"Yonseyo? Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse. Nanenso sindinkadziwa kuti ndi yaitali chonchi."

Kotone anayang'ananso misewuyo. Anawamvera chisoni bambo ake. Anawanyadiranso.

"Khalani pansi, Ababa."

Bambo anakhala pansi. Anatsamira chipilala. Kotone anagwada. Anayamba kuwasisita mwendo ndi timanja take. Mwendowo unali wolimba ngati chikuni.

"Aa, mwanangu, bwerera pazenera. Wadikira tsiku lonse. Mawa atseka."

"Ndaona kale."

"Wakhuta nako kuonako?"

"Ndakhuta. Ndinkafuna kuona ndi inu."

Bambo anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, osati kwa alendo. Anamusisita Kotone kumutu.

"Tafika, mwanangu," anatero.

"Tafikadi," anayankha Kotone. "Tambasulani mwendo winawo."