Kamoto ndi Botolo Lomaliza

Anakumana pakhomo la chipinda choyezera mafuta. Mtsikanayo anali atanyamula mabotolo, mnyamata wa pakompyuta n'kumutsegulira chitseko.

"Asisi, ndi mafuta anji akukuwalitsani chonchi?"

"A ndege, osakaniza ndi ophikira otha ntchito. Patukani, mungapse!"

Kuyambira tsikulo, mnyamatayo ankangomutchula kuti Kamoto.

Pantchitopo panali lamulo. Mnyamatayo ankalosera pakompyuta kuti mafuta osakanizawo angaundane pa kuzizira kotani ndege ikakwera m'mwamba. Kamoto ankayeza zenizeni m'makina osamuuza, kenako abwana ankafananitsa. Zikagwirizana, ndiye kuti kompyutayo njodalirika.

Koma mauthenga ake aja!

"Kamoto kanga, wadya? Mtima wanga uli m'manja mwako. Botolo la lero latuluka bwanji?"

"Si zololedwa, ukudziwa."

"Ukubisira mwamuna wako wa mawa? Akangondikweza pantchito, ndikukaonekera kwanu."

Kamoto anayamba kumuuza manambala. Abwana ankangoomba m'manja kuti kompyuta sikuphonya.

Litatsala botolo limodzi, Kamoto anapeza mnzake woyeza mafuta a dizilo akumwetulira foni pamalo osinthira zovala.

"Mnzanga, usauze munthu," anatero wa dizilo uja. "Ndikukwatiwa! Taona."

Kamoto anawerenga. "Kamoto kanga, wadya? Dizilo wa lero watuluka bwanji?"

Uthengawo unachokera kwa mnyamata wa pakompyuta yemwe uja. Ngakhale dzina lomwe? Analephera kumupezera lakelake?

"Zabwino zonse," anatero, n'kutuluka misozi isanagwe.

Masana mnyamata uja analowa m'chipinda choyezera akuimba mluzu.

"Kamoto kanga, tamaliza! Ndipatse lomalizalo."

"Mukalimva mawa kwa abwana."

"Iii, ndasanduka 'inu' lero? Ndalakwanji?"

"Muli anthu m'ndegemo, achimwene. Ndinaiwala zimenezo chifukwa cha inu. Tandiuzani, mukukaonekera kwa ndani? Kwathu kapena kwa wa dizilo?"

Mluzu unathera pomwepo. Mnyamatayo anayang'ana pansi, n'kukanda kumutu.

Kamoto anadikira. Akanangoti "pepa"! Akanangonama kuti "ndimakonda iwe", mwina mtima wopusawo ukanamvanso.

Mnyamatayo anasendera pafupi, n'kumugwira dzanja mofatsa.

"Zimenezo tikambirana bwinobwino, wokondedwa," ananong'ona. "Koma nambalayo ndi chani?"

Kamoto anachotsa dzanja lake. Anazimitsa makina, n'kutsegula chitseko.

"Tulukani. Ndikufuna kulira, ndipo simuyenera kuonerera."