Chipinda Chisakhale Chokha

Telala wina anali atasamukasamuka m'nyumba za lendi mpaka katundu wake anazolowera ngolo. Kabati inathyoka mwendo pa msamuko wina, galasi la mkazi wake linasweka pa wina. Kumene ankakhala tsopano kunali chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu: uku bedi, uku makina osokera, pakona mphasa ya mng'ono wake. Mwana wawo wamkazi, amene ankamutchula Kabatani chifukwa chochepa thupi, ankagona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Mwini nyumbayo, mayi wa pakamwa ngati lumo, ankalowa osagogoda n'kumawerenga mababu.

Koma chimene chinkamudya Telala si umphawi wokha ayi. Anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu wosadziwa n'kulowetsa ulusi pa singano komwe, koma wokhala ndi mdadada wa nyumba kuseri kwa msika. Mwezi ukatha ankangokhala pakhonde, mimba patsogolo, anthu n'kumabwera okha kudzapereka lendi.

"Alamu, nyumba yoyamba musagule yongogonamo," ankatero mlamuyo. "Gulani yokhala ndi malo kuseri, mumangepo zipinda. Nyumba izikudyetsani, osati inu kumaidyetsa."

Malangizo abwino ndithu, koma kuphunzitsa munthu woyenda chapansi kapukutidwe ka nsapato n'chipongwe. Telala ankaseka nawo, mtima ukuwira.

Tsiku lina kunabwera kasitomala ndi jekete lodula, n'kupempha kuti amusokere kaphukusi kakuda m'kati mwa kolala. Telala anasoka osafunsa, koma pomupatsa jeketelo anafunsa ndi maso. Kasitomalayo anamulondolera njira ya kwa sing'anga amene anamupatsa kaphukusiko.

Anapita masana dzuwa likuswa mtengo. Ankayembekeza zikopa ndi mikanda, koma kuseri kwa sitolo ya zitsulo anapeza chipinda chosesedwa bwino, mipando iwiri ya pulasitiki, ndi bambo wovala malaya oyera akusenda lalanje.

"Mukufuna ndalama kapena nyumba?" anafunsa sing'angayo osamuyang'ana.

"Nyumba, bambo. Yokhala ndi zipinda za lendi kuseri."

"Zingati?"

"Zimene zingakwanepo."

"Onse amayankha choncho." Anaika mpeni pansi n'kutulutsa kabotolo kotseka ndi phula. "Ine sindipempha magazi. Sindikuuzani kuti muzigona pansi kapena musamasambe. Mankhwala angawa ndi a pachitseko, ndipo amadana ndi chinthu chimodzi chokha: chipinda chopanda munthu. Chipinda chilichonse chimene mudzachititse lendi, mwezi usadzathe chili chokha. Chikakhala chokha chimasungulumwa, ndiye chimadziitanira munthu."

"Munthu wake uti?"

"Chipinda chimadziwa anthu a mwini wake. A eni ena chingawadziwire kuti?"

Telala anakumbukira mmene anthu ankalimbirana nyumba m'tauni, ena kulipira chipinda chisanafoleredwe n'komwe. Chipinda kusowa munthu? Anatsala pang'ono kuseka.

"Nanga inu ndikulipirani bwanji?"

"Ine sinditolera," anatero sing'angayo, akumupatsa chidutswa cha lalanje. "Zipinda zimatolera zokha."

Zinthu zinayenda ngati madzi otsetsereka. Kampani ya alonda inamupatsa ntchito yosoka yunifolomu, sukulu zinatsatira, mpaka analemba anthu ntchito, mng'ono wake n'kukhala woyang'anira osita zovala. Chaka chisanathe anagula nyumba ya malata yokhala ndi zipinda zitatu kuseri ndi bwalo lalikulu. Kabotolo kaja anakakwirira pansi pa geti, mkazi wake osadziwa. Kabatani analira tsiku loyamba, poti anali asanagonepo pabedi payekha.

"Bambo a Kabatani, apa pakwana," anatero mkazi wake. "Bwalo latsalali tisiyire mwana aziseweramo."

"Mwana adzadya bwalo?"

Anadula mtengo wa mthunzi n'kumangapo zipinda zina, mofulumira, simenti yongonunkhiza. Ndipo munthu amene analira ndi eni nyumba moyo wake wonse anasanduka mwini nyumba woipa kuposa onsewo. Ankatseka mpopi masana, ankaletsa alendo ogona, ndipo nayenso anayamba kuwerenga mababu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Namwino amene ankakhala m'chipinda choyamba atamusamutsira kuchipatala china, Telala anakweza mtengo wa chipindacho kuti amupose mlamu wake. Anthu ankabwera, kunenerera, iye n'kuwabweza. "Wosauka akafune kwina," ankatero. Mawu a sing'anga anali atazilala m'mutu mwake ngati nsalu yochapachapa. Mwezi unatha. M'mawa mwake mng'ono wake analowa m'chipindamo kukapaka laimu, ndipo pomuitana kuti adzadye anamupeza atagona chagada pakati pa chipinda, manja pamimba, ngati munthu amene wafika kwawo. Achipatala anati mtima.

Kuchokera pamaliropo Telala anasintha, ndipo anthu a lendi sachedwa kununkhiza mantha. Wina atangotchula zosamuka, Telala anamutsitsira mtengo. Ena atamva anasiya kulipira. Makanika wa m'chipinda cha pakati ankabwera ataledzera n'kumakodzera pageti, mwini nyumba n'kumamupatsa moni wa ulemu. Mayi wina anayamba kuweta nkhuku m'chipinda, iye n'kumugulira chimanga cha nkhukuzo.

"Kodi mwini nyumba pano ndani?" anafunsa mkazi wake. "Achimwene akuti mwasanduka wantchito wa matenanti anu. Mukuopa chiyani?"

"Zisiye, mayi a Kabatani. Ndi nzeru za bizinesi."

Akanamuuza tsiku limenelo, mwina mayiyo akanatenga mwana n'kuthawa. Koma manyazi a mwamuna ndi okwera mtengo, ndipo amalipira ndi ena.

Mvula itabwera, chipinda chakumapeto, chija cha simenti yonunkhiza, chinang'ambika khoma n'kuyamba kudontha. Banja limene linkakhalamo linachoka ngakhale anawagwadira. Palibe anachifuna, ngakhale chaulere. Telala anakatola wopemphapempha kumsika, kumugulira bulangete, kumugoneka m'menemo, koma munthuyo anathawa ndi bulangetelo mwezi usanathe, akuti makoma ankapuma. Mwezi unatha chipinda chili chokha, ndipo tsiku lotsatira mvula inagwa masana, mkazi wa Telala n'kuthamangira m'chipindamo kukayanika zovala. Kabatani ndiye anawapeza mayi ake, dengu la zovala lili pambali, zovala zosayanika.

Maliro awiri pakhomo limodzi, onse m'zipinda zopanda anthu: anthu sanafunike kuuzidwa. Ngolo zinayamba kufika m'mawa, ndipo ngakhale makanika uja ananyamula matiresi ake pamutu osatsanzika. Telala anathamangira kuseri kwa sitolo ya zitsulo.

"Bambo, ndatsala ndi mwana mmodzi. Ndigwetse zipindazo?"

"Chipinda chogwetsedwa ndiye chopanda munthu mpaka kalekale."

"Ndigulitse nyumbayo."

"Mankhwala sawerenga mapepala."

"Ndifukule kabotolo."

"Fukulani. Kodi mbewu ikamera mumaipezanso pamene munaikwirira?" Sing'angayo anayang'ana pawindo. "Ndinakufunsani kuti zingati. Munayankha nokha."

"Tengani ine m'malo mwake."

"Inu ndinu mwini nyumba, bambo. Mwini nyumba salowa lendi."

Telala anamutenga Kabatani n'kukamusiya kwa mlamu wake, munthu amene ankamuda uja, n'kumupempha misozi ili m'maso kuti mwanayo asapondenso pakhomo paja. Kenako anatseka shopu n'kuyamba ntchito yomwe palibe munthu anaigwirapo. Ankagona pang'ono m'chipinda ichi, kudzuka, kukoka mphasa kupita m'chinacho, kutsokomola mokweza, kulankhula yekha mawu osiyanasiyana, kuyatsa mbaula apa, kupachika malaya apo, kuti zipinda ziziyesa muli anthu. Anawonda, ndevu zinamera, maso anafiira. Koma munthu ndi mmodzi basi, sangagawike ngati nsalu.

Tsiku lomaliza la mwezi tulo tinamugonjetsa masana m'chipinda chakumapeto. Kabatani, amene anali atamva kusukulu kuti bambo ake sakudya, sanapite kwa amalume ake ataweruka. Anagula mabanzi ndi ndalama yake ya basi n'kuyenda wapansi mpaka kwawo. Geti linali lotsegula. Anaitana, palibe anayankha, ndiye anayamba kuwafuna chipinda ndi chipinda.

Telala atadzidzimuka dzuwa linali litapendeka. Anatuluka akukoka mphasa yake, ndipo pakhomo la chipinda chachiwiri anaona tinsapato ta sukulu, titavulidwa bwinobwino n'kuikidwa pambali, zingwe zake zitalowetsedwa m'kati. Chitseko chinali chotseka. Anaima pamenepo mpaka mdima unagwa, akugogoda pang'onopang'ono pachitseko cha nyumba yake yomwe, kuopa kutsegula.

Mwanayo anamuika amalume ake. Telala sanapite kumanda, ndipo mutu wake sunabwererenso. Nyumba ija ilipobe, malata anachita dzimbiri, udzu unamera m'makhonde, ndipo palibe amene amaifunsa mtengo. Iye amakhala pageti atavala yunifolomu ya mlonda yosamaliza kusoka, malaya ake opanda mkono umodzi, n'kumagwira malaya a aliyense wodutsa.

"Chipinda chilipo, achimwene," amatero mwaulemu. "Chaulere. Mungogonamo basi. Mwana wanga akubwera kuchokera kusukulu."

Kufuna nyumba si tchimo, ndipo kumanga zipinda za lendi ndi nzeru ndithu. Koma chuma cha mankhwala chili ndi mwini wake, ndipo iye satolera ndalama, amatolera anthu. Telala anali ndi mkazi, mng'ono ndi mwana m'chipinda chimodzi chothina, n'kumadziyesa wosauka chifukwa choyang'ana pakhonde la mlamu wake. Dyera linamupatsa zipinda zambiri n'kumulanda ogonamo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.