Njinga Yokoka Nthambi

Luciano anadzuka nkhuku zisanatuluke m'khola. Tulo akanatipeza kuti? Linali tsiku lake loyamba kupita kuntchito. Mayi Ajira, eni malo ophikira buledi ku Mangochi boma, anali atavomera kuti alowe m'malo mwa bambo ake, a Jose, amene msana unali utawakanika ndipo maso ankangoona mbuu. Mayiwo anangomuuza chinthu chimodzi: "Ukhale ngati bambo ako. Iwo sanachedwepo."

Anavala malaya oyera amene anasita dzulo lake, napukuta nsapato mpaka zinayamba kuwala. Atadziyang'ana pakagalasi kosweka ka mayi ake, anadzigomera yekha. Koma atatuluka panja, chimwemwe chija chinazirala. Bambo ake anali atagwada kumbuyo kwa njinga, akumangirira ku keliyala nthambi yaikulu ya mtengo wa keshya, yamasamba ake omwe.

"Ababa, chimenechi ndiye ayi," anadandaula Luciano. "Ndikupita kutauni ine."

"Kutauniko ukafike kaye," anayankha a Jose akukoka chingwe ndi mano. "Phirili silidziwa kuti wasita malaya. Mabuleki a njingayi ndi okalamba ngati ine. Nthambiyi ikamakwekwereza pansi, ndiyo izikugwira. Ukatsika, ukaisiye kwa Abiti Sulemani, aja okazinga zitumbuwa patsinde pa phiri. Amaiumitsa n'kusonkhera moto. Adzakupatsa chitumbuwa chotentha."

Mudzi wawo unali pamwamba pa mapiri a njira ya ku Namwera, kumene msewu umatsika mokhotakhota ngati njoka. Njinga imeneyi inali yokhayo pabanjapo. Popanda iyo, ntchito ya kutauni panalibenso. Luciano ankadziwa zimenezi bwinobwino, n'chifukwa chake anangokwera. Bambo ake anamuperekeza ndi ndodo yawo mpaka pamsewu, naima pansi pa mtengo wa mango pomwe mtsetse umayambira.

Khwaaa! Nthambi ija inayamba kukwekwereza pa tala. Phokoso lake, abale! Agalu anauwa, mbuzi zinabalalika, ana a sukulu anaima n'kumuloza. Luciano anaweramitsa mutu, makutu akutentha.

Asanafike pokhota poyamba, njinga yamoto inamupeza. Anali Zubair, mnzake wa ku sekondale amene tsopano ankayendetsa kabaza, ndipo kumbuyo anali atanyamula atsikana awiri opita kumsika.

"Aaa, Luciano! Ntchito ija ndi yosesa mumsewu eti?" anakuwa Zubair. "Wallahi, boma lapeza tsache! Usaiwale m'mbalimu, muli zinyalala!"

Atsikana aja anafa nalo phwete, mmodzi mpaka kugwira mpango wake kuti ungauluke. Njinga yamoto inazimiririka pokhota, koma kuseka kuja kunatsala m'makutu mwa Luciano.

Atangokhota, anaima. Anacheuka, naona kuti mtengo wa mango uja sukuonekanso. Anamasula chingwe mwachangu, nakankhira nthambi ija m'mbali mwa msewu ndi phazi.

"Ine si wogulitsa makala," anatero akudzisasa m'manja.

Ndiye inu, njinga ija inauluka! Sanapalase ngakhale kamodzi. Mphepo inadzaza malaya ake, misozi yachisangalalo ikutsikira m'makutu. Kutsogolo, pansi penipeni, chigwa chonse chinali chitayalidwa: mtsinje wa Shire ukunyezimira, mlatho, malata a m'tauni. Anapitirira abambo atatu amene ankatsika mwaulemu panjinga zonyamula matumba a makala, aliyense akukoka chipika chake. Mmodzi anamukuwira zinazake, koma mphepo inatenga mawuwo. Kenako, zosakhulupirika, anaona msana wa Zubair.

Ngiri! Ngiri! Luciano analiza belu, nadutsa njinga yamotoyo ngati yangoima.

"Tsache ladutsa!" anakuwa akuseka. M'moyo wake wonse anali asanamvepo kukoma kotere.

Pokhota potsatira anafinya mabuleki pang'ono. Njinga sinamve. Anafinya ndi mphamvu zonse mpaka zala kuwawa. Panamveka kafungo ka mphira yopserera, kenako kanthu kena kanati thapu, n'kugwera mumsewu. Apo m'pamene kuseka kunamuthera. Anaponda tayala lakumbuyo ndi nsapato monga ankaonera anzake, koma nsapato yopukuta ija inatentha, n'kuvuka, n'kutsala m'mbuyo.

Ndipo kutsogolo kunali nthambi. Zinali zitaikidwa mumsewu motsatizana, chizindikiro chimene aliyense amachidziwa: pali galimoto yowonongeka. Lole yodzaza matumba a chimanga inali itafera pokhota penipeni, ndipo mbali inayo kunkakwera minibasi.

"Mayo ine!"

Luciano anakhotetsera kumanzere, natseka maso. Njinga inalumpha ngalande, iye nauluka yekha, nakagwera m'tchire la udzu wautali. Kwa kanthawi ankangoona thambo likuzungulira.

Atadzuka, anadzigwiragwira. Mafupa anali onse, ngakhale chigongono ndi bondo zinali zitasupuka. Malaya oyera aja anali ofiira ndi dothi. Koma vuto linali panjinga. Tayala lakutsogolo linali litapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, masipoko ali balala.

Zubair anafika akuthamanga, nkhope itasintha. "Amwene, muli moyo? Ine ndimangoseka chabe!"

Luciano anadzisasa fumbi. Ananyamula njinga paphewa, nayamba kutsika, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, Zubair akumutsatira pang'onopang'ono panjinga yake yamoto. Abambo a makala aja anamudutsa mmodzimmodzi, zipika zawo zikulira khwaaa. Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka.

Patsinde pa phiri, Abiti Sulemani anasiya chiwaya chawo atamuona.

"Astaghafiru! Si njinga ya Che Jose iyi? Iwe ndiwe mwana wawo uja? Nanga nthambi yanga ili kuti?"

Luciano anangoyang'ana pansi. Mayiwo sanafunsenso. Anamukhazika pabenchi, namutsuka zilonda ndi madzi amchere, kwinaku akuitana wokonza njinga wa pafupi pomwepo. Mkuluyo anazunguza tayala lija, napukusa mutu, nati ayesa kuliwongola koma zitenga nthawi. Dzuwa linali likukwera. Luciano ankaganiza za Mayi Ajira akuyang'ana pachipata, ndipo misozi inayamba kulengeza.

Ali chikhalire choncho, anamva phokoso kuchokera kuphiri. Khwa... khwa... khwa. Silinali la njinga, chifukwa linkamveka n'kusiya, kumveka n'kusiya. Anatukula mutu.

Anali bambo ake. Ankatsika m'mbali mwa msewu atawerama, dzanja lina lili pandodo, lina likukoka nthambi ya keshya ija. Nsapato ya Luciano anali ataikolowekera m'khwapa. Thukuta linali litanyowetsa malaya awo onse.

"Ababa!" Luciano anathamanga motsimphina kukawachingamira. "Mwatsika phiri lonseli wapansi? Ndi msana wanuwo?"

A Jose anasiya nthambi, nayamba kumupapasa kumutu, m'mapewa, m'manja, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo. Atafika pachigongono chosupukacho anaima, napumira m'mwamba.

"Maso angawa sakanatha kukuperekeza," anatero motsitsa mawu. "Ndiye ndinaima pamango paja kumakumvetsera. Phokoso la nthambi limamveka mpaka kutali, mwanawe. Ndinati ndikamalimva, ndiye kuti mwana wanga ali bwino. Koma lako linangosiya pokhota poyamba."

Luciano anafuna kupepesa, koma misozi inamutsogolera. Analira ngati kamwana, pamaso pa Zubair, pa wokonza njinga ndi pa onse ogula zitumbuwa, ndipo manyazi analibe nawo ntchito.

"Basi, basi," anatero a Jose akumupatsa nsapato ija. "Ntchito ikudikira."

Zubair analiza njinga yake mosauzidwa. "Kwera, amwene. Abambowa ndibwera kudzawatenga."

Mayi Ajira anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato yopserera. Anamva nkhani yonse osamudula, kenako anamuponyera epuloni. "Lero ndakhululuka chifukwa cha Che Jose. Mawa kulibe."

M'mawa mwake Luciano anadzuka bambo ake asanadzuke, natenga chikwanje. Nthambi imene anasankha inali yaikulu kuposa ya dzulo, ndipo anaimanga mfundo ziwiri. Tayala linali kuyendabe mopepeluka pang'ono, mabuleki atsopano akulira tswii. A Jose anaima pansi pa mango paja, atapendeketsa mutu.

Khwaaa! Agalu anauwa, mbuzi zinabalalika, ana a sukulu anakuwa kuti, "Tsache! Tsache!" Luciano anawabayibitsa akumwetulira. Atafika pokhota poyamba paja, anakhotetsera njinga m'mbali momwe munali timiyala, kuti nthambi ilire kwambiri, imveke mpaka pamango.