Mzere Wowongoka Pabwalo pa Otilia

Dzuwa likapendeka kwa Tengani, ena akutsekera mbuzi m'khola, Otilia ankatenga tsache n'kusesa bwalo lake lonse mpaka fumbi kusalala ngati ufa. Odutsa ankanong'onezana kuti munthu wabwinobwino sasesa madzulo. Koma anamuphunzitsa ndi mwamuna wake, malemu Fanizo. "Uzisesa madzulo," ankatero, "kuti m'mawa uziona chimene chadutsa. Njoka yolavulira m'maso ija, yobwera kudzasaka achule kumtsuko, imasiya mzere wokhotakhota. Koma ukaona mzere wonenepa, wowongoka ngati wina wakoka chipika, dziwa kuti ndi mphiri."

Mphiriyo ndi imene inatenga Fanizo, kudimba m'mbali mwa Shire, madzi osefukira atangophwa. Anaiponda ili phee m'zinyalala za bango. Mwendo unatupa n'kuda bii, ndipo njinga inakafika kuchipatala itanyamula mtembo.

Chichokereni anthu pamaliro, pakhomopo panazizira. Mwana analibe, abale ake anali kutsidya, ku Mozambique. Ndiye akatha kusesa ankakhala pakhonde, pafupi ndi jombo za Fanizo zimene sanazisunthe, n'kumacheza ndi malemuwo ngati kale. Kusungulumwa n'koipa, abale anga, kumalankhulitsa munthu ndi nsapato.

"Mwaona, bambo," anatero tsiku lina, "mng'ono wanu Paison wandilanda dimba lija. Ndidya chiyani ine?"

M'mawa anapeza mzere wowongoka utachoka pakhonde pake, kudula bwalo, kulowera kwa Paison. Dzuwa lisanafike pamutu kunamveka mfuu. Paison analumidwa m'bafa mwake, akuweramira ndowa ya madzi. Sanagone masiku awiri, anamwalira.

Kenako anali Molly, mayi wa pakamwa, amene anachotsa chidebe cha Otilia pamzere wa pamjigo n'kumutcha mfiti pamaso pa anthu. Otilia analira, ndipo madzulo anafotokozera jombo zija. Kutacha, mzere unaonekanso pabwalo, ndipo mphiri inatuluka m'matope a pamjigo, yaifupi, yonenepa, mutu waphwatalala. Inadutsa mapazi a amayi onse n'kukaluma Molly yekha.

"Mwaiona mmene inayendera?" amayi aja ananong'onezana.

"Mphiri siilondola munthu. Imaluma woiponda."

"Ndiye iyi yatumidwa."

"Khalani chete, mayi. Zili ndi makutu izi."

Fungo la bala la Molly linadzaza mudzi kwa masiku, mpaka anamwalira. Tsopano anthu ankalambalala nyumba ya Otilia, ana akaona tsache lake ankathawa. Iye anali atawona mizere iwiri ija, ndipo mtima unamuuza zimene sankafuna kumva. Analeka kudandaulira jombo zija. Ankasesa, n'kukhala pakhonde duu. M'mawa uliwonse bwalo linkakhala loyera, lopanda mzere.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankapondabe pakhomopo: Mabel, mayi wachitsikana wa khanda kumsana, amene ankaima pampanda n'kufuula mwa Chisena, "Mwacherwa tani, mama?" Moni umenewu ndi umene Otilia ankadzukira.

Ndiye tsiku lina madzulo Mabel anadutsa ali pambuyo pa mwamuna wake, akuchokera kumunda wa mapira. Otilia anakweza dzanja. Mabel anazyolika, n'kupitirira osacheuka. Ha, zinamupweteka Otilia kuposa dimba lija, kuposa chitonzo cha pamjigo. Tsache linagwa m'manja, ndipo mawu anatuluka okha.

"Ngakhale Mabel, bambo. Ngakhale Mabel wanditaya."

Anagwira pakamwa, koma zinali zitatha. M'jombo ya kumanzere munamveka mpweya wautali, fuuu, ngati tayala la njinga likuphwa. Mutu waphwatalala unasuzumira. Thupi lonenepa, la mawanga ngati masamba ouma, linatsetserekera pansi n'kuyamba kudula fumbi losesedwa lija, osakhota, kulunjika kwa Mabel. Kutali kunkamveka khanda likulira, mayi wake akuliimbira.

Akanakuwa, akanabwera ndani? Akanatola mtengo, akanamenya ndani? Otilia anagwada m'fumbi.

"Bambo, bwererani! Mwana uja sanalakwe. Wolakwa ndine, wokudandaulirani tsiku ndi tsiku." Njoka sinaime. Misozi ili mbwembwembwe, anafuula, "Ngati mwabwerera munthu, wokusowani ndine! Ndatopa kukhala ndekha, a Fanizo!"

Inaima pa malire a bwalo. Inakhala pamenepo kanthawi, lilime likutulukatuluka, kenako inatembenuka pang'onopang'ono. Otilia anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, anatola tsache n'kufufuta mzere wopita kwa Mabel uja. Atatero ananyamula jombo zija, analowa nazo m'nyumba, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

M'mamawa Mabel anabwera mozemba, mbatata zowotcha atazibisa m'chitenje. Anaima pampanda monga mwa masiku onse.

"Mwacherwa tani, mama? Pepani za dzulo, bambo akunyumba anandiletsa. Koma ine sindingakutayeni."

Zii. Nkhuku zinali zisanatsekuliridwe, moto unali usanakolezedwe. Mabel anayang'ana pansi. Pabwalo losesedwa bwino panali mzere umodzi wokha, wonenepa, wowongoka, wolowera pachitseko. Wotuluka panalibe.