Bango Lachitatu la Saulos

Madzulo amenewo ndinali pakhonde ndikusita nsalu ya bafuta ndi simbi ya makala. Unali mwezi wa Juni, 1978, fodya atauma m'zigafa, mphepo ya ku Simlemba ikulowa mpaka m'mafupa. Nsaluyo inali yokulungira mtembo m'sewero lathu la chidakwa chofa ndi kachasu. Sewerolo ndinalemba ndine, Anastasia, poti m'gulu lonse la zisudzo munalibe wina wofika Fomu Folo. Enawo anali alimi oti kuloweza mizere itatu yokha thukuta kamukamu, ngati akudinda belo la fodya.

Bokosi la m'sewerolo anakhoma ndi Saulos, kalipentala wamfupi, wachibwibwi, amene anandivutitsa miyezi iwiri kuti ndimupatse mbali yaikulu yolankhula. Ndinamuyankha pamaso pa onse: "Inu a Saulos, pomwe muzimaliza liwu limodzi anthu adzakhala atafika kwawo. Nyamulani bokosi basi." Gulu linafa nacho chiseko. Iye sanaseke.

Tepi analibe, choncho anadula bango kudambo, nagoneka pansi Masauko, yemwe ankasewera chidakwacho, namuyeza kuchokera kumutu mpaka kuchidendene monga amachitira adzukulu asanakumbe manda. Zelesi, wosewera mkazi wamasiye, anagwira pakamwa.

"Wamoyo sayezedwa ndi bango, inu!"

"Zaumbuli," ndinatero ine.

Ndiye ndikusita muja ndinamva Zelesi akubuma kuseri kwa zigafa. Ndinakuwa kuti akuwonjeza, maliro a m'sewero salira ngati ng'ombe. Koma sanali kuyeserera. Masauko anamupeza m'chigafa chake atafa, atawongoka, manja ali m'mbali, ndendende mmene ankagonera m'bokosi. Thupi lonse linkanunkha dothi lonyowa, pomwe mvula inali italeka mu Epulo.

Mbaliyo anaitenga Gilbert, mlangizi wa zaulimi wochokera kuboma, munthu wa nsapato zowala amene ankatitcha otsalira. Anali wamtali, motero Saulos anadula bango lina, nawonjezera matabwa kumapazi kwa bokosi. Tsiku lachitatu, tikuyeserera masana dzuwa likuswa mtengo, Gilbert anaima pakati pa mzere wake.

"Mukumva? Akukhoma."

"Akukhoma chiyani?" anafunsa Zelesi.

"Chivundikiro."

Palibe anamva nyundo. Lachisanu tinamukweza pa lole wopita kwawo, atawongoka ngati mnzake uja.

Pamenepo mukanawaona amuna a m'gulu lathu, aja osewera asilikali ndi mfuti za mapesi! Wina m'mimba, wina apongozi adwala ku Lisasadzi. Pachitsime amayi ankanong'ona kuti bokosi limabuula lokha, ena amvekere mwini wake akufuna ndiwo. Koma kutchula dzina, onse zii.

Kenaka anafika pa njinga a Kalekeni, tcheyamani wa chipani m'dera lathu.

"Pulogalamu ya pa 6 Julaye inapita kale kuboma," anatero. "Gulu lokana kusewera tsiku limeneli ndiye kuti likunyoza ufulu wathu. Kumene amapita oterowo mukukudziwa."

Anamwaza maso, naloza woti atenge mbali ya chidakwa: mwamuna wanga Aloysius, munthu wofatsa amene ntchito yake inali kuimba ng'oma basi. Ndisanatsegule pakamwa, Saulos anali atatulutsa kale bango laliwisi. Analidula liti? Anamuyeza bambo wa ana anga tcheyamani akuyang'ana, ine manja ali lende.

Madzulo ake Aloysius sanadye.

"Amake Louisa, fungo la dothili mukulimva?"

"Gonani, palibe fungo."

Ndinanama. Linali litadzaza nyumba yonse. Mmawa anadzuka miyendo itachita dzanzi mpaka m'mawondo.

Mkazi wamba akanangokhala pansi n'kuyamba kulira. Ine ndinaganiza. Pa maliro enieni bango loyezera limatayidwa m'manda, litsagane ndi mwini wake. Nanga mabango a m'sewero ankapita kuti? Linali Lamulungu. Anthu ali kutchalitchi, ndinalowa m'chigafa cha Saulos.

Pakati pa mikangala yopachikira fodya panali mabango atatu. Awiri anali bii ngati makala, onona mafuta a nsatsi. Lachitatu linali lobiriwira, lomangidwa tsitsi la mwamuna wanga kunsonga, koma kuda kunali kutayamba kukwera kuchokera pansi, kutafika pamene pangakhale mawondo a munthu. Ndikuliyang'ana choncho, kunakwerako pang'ono.

Mbuli ikanalitentha, n'kuwotcha mwamuna wake yemwe. Koma zovala zonse za gululo ndinkasoka ndine, ndipo m'thumba ndinali ndi tepi yanga ndi kabuku ka miyeso. Saulos: mafiti anayi, mainchesi khumi. Ndinamasula tsitsi lija, ndinayeza kawiri monga anatiphunzitsira masisitere, n'kudula bangolo ndi mpeni pa msinkhu wa Saulos. Kunsonga ndinamangako ulusi wa malaya a mdzukulu amene Saulos ankavala poyeserera, onunkha thukuta lake. Ndinalipachika pamalo pake n'kupita kukaphika.

Pa 6 Julaye bwalo la sukulu linadzaza, amayi atavala nsalu za chipani, alendo ochokera kuboma ali pa mipando. Saulos sanaoneke. Amuna anayi anapita kuseri kwa kalasi kukatenga bokosi kuti Aloysius alowemo, koma linakana kunyamuka.

"Mwaikamo miyala?"

"Tatsegulani."

Munali Saulos, atawongoka, manja ali m'mbali, kumapazi kutatsala malo aakulu aja anawonjezera Gilbert. Fungo la dothi linatuluka ngati afukula dzenje. A Kalekeni anasuzumira, nayang'ana alendo, napukuta chipumi.

"Tsekani," ananong'ona. "Akuluakulu akhala kale."

Tinasewera. Anyamatawo ananyamula bokosi lolemera zenizeni, Zelesi analira bwino koyamba m'moyo wake, ndipo mwamuna wanga anaimba ng'oma ataima nji ndi miyendo yake iwiri. Alendo anawomba m'manja ataimirira, natipatsa malo oyamba m'dera lonse.

Miyezi iwiri Saulos anandivutitsa kuti ndimupatse mbali yaikulu. Ndinamupatsa, ndipo sanachite chibwibwi ngakhale kamodzi.