Msana wa Atsibweni

Khasu, nkhwangwa ndi mphasa zinali zitaponyedwa kale pabwalo pamene a Mailosi ankafika kuchokera kumtsinje, mwana wawo Yosiya ali kumsana. Woziponyayo anali mlamu wawo, a Wadson, mwini mbumba pamudzi wina wa kwa Mlolo.

"Mtsitseni mwanayo, mutole zanu muzipita kwanu kwa Zingalume," anatero a Wadson.

Yosiya anali ndi zaka khumi ndi zitatu, koma miyendo inali itamukana. Anayamba ndi kugwaigwa akali wamng'ono. Kenaka podzuka ankachita kudzikwera yekha ndi manja, kugwira mawondo, kugwira ntchafu, mpaka chaka chimenecho analekeratu kuyenda. Akatumba okha ndiwo anali otupa ngati maungu. Kwa a Wadson nkhaniyi inali yosachita kufunsa: kutupa miyendo ndi mdulo, nthenda yogwira mwana bambo wake akaphwanya mwambo wa m'nyumba.

"Alamu, ine sindinalakwe kanthu," anadandaula a Mailosi. "Nanga ndikachoka, azimunyamula ndani?"

"Mkamwini sachulutsa mafunso pamudzi pa eni ake. Mwanayu ndi wathu!"

A Keziya, mayi wake wa Yosiya, anagwada. "Achimwene, chonde, mundiphera mwana."

Koma a Wadson anali ndi mtima wapachala, ndipo chimene anena, anena. Anachita kumatula zala za Yosiya pakhosi pa atate ake. A Mailosi anatola khasu lawo napita, akucheukacheuka.

Mizu ya mdulo inamwedwa mpaka miphika kuda, koma ayi ndithu. A Keziya ankamubereka mnyamatayo kupita naye kuthengo ndi kokasamba, mpaka msana wawo unayamba kuwawa. Anthu atakolola, manja a Yosiya nawonso anayamba kufooka. Apo a Wadson anamumangirira panjinga ndi nsalu, nakankha kupita kuchipatala cha mishoni. Mumtima ankati jekeseni imodzi ithana nazo zimenezi.

Dokotala, mzungu wolankhula Chinyanja cholemera, anamupima Yosiya nthawi yaitali. Kenaka anaitanira a Wadson pakhonde.

"Bambo, nthenda iyi ndi yosowa, ndipo mankhwala ake kulibe. Minofu yake izingofookerafookera. Chomwe afuna mwanayu ndi anthu omunyamula, omutembenuza pogona, ndi omusekesa."

A Wadson anamva ngati awathira madzi ozizira. "Kulibe? Ngakhale kuchipatala chachikulu cha ku Fort Jameson?"

"Ngakhale kwathu kutsidya kwa nyanja."

"Ndiye kuti atate ake anamudula zedi!"

"Atate ake sizikuwakhudza. Anabadwa nayo. Imayenda m'magazi a kuchikazi, n'kumagwira ana aamuna ena, ena n'kuwalumpha. Amayi akenso alibe mlandu, pakuti palibe amene amasankha magazi. Kodi mwa abale a amayi ake, palibe mnyamata amene anadwala chotere?"

A Wadson anatsegula pakamwa kuti akane, koma pomwepo anakumbukira. Fulansisi! Mkulu wawo wa bere limodzi, amene ankakwawa pabwalo akatumba ali tuu, n'kumwalira asanamere ndevu. Nthawi imeneyonso akuluakulu anati ndi mdulo, naponya panja khasu la atate awo. A Wadson, ali kamwana, anawathamangira atatewo mpaka kudambo akulira, koma anabwezedwa ndi mkwapulo. Atate anapita ku Halale n'kuchona. Ndipo a Wadson anakula akudana nawo, akuti ndiwo anapha Fulansisi.

"Mayo ine!" anatero a Wadson, nakhala pansi pafumbi ngati mwana. "Ndiye kuti atate… ndiye kuti alamu… Kalanga ine, ndachita chiyani!"

Anabwerera kumudzi. Atamusiya Yosiya kwa mayi wake, sanamwe ngakhale madzi. Anapalasa njinga kulunjika kwa Zingalume, akukonza mawu opepesa njira yonse. Manyazi anali nawo, inde, koma anati bola akamugwire mwendo mlamu wawo.

Anapeza mayi ake a Mailosi akusenda nsawa pakhonde. Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwera kudzaponyanso chiyani? Mwana wanga ankangokhala pansi pa mtengo uwo, osadya, maso ali kunjira ya kwa Mlolo. Dzana wakwera lole ya kumigodi."

"Mgodi wake uti, amayi?"

"Akanandiuza ndikanakuuzani. Anangoti kumene sakamva dzina la mwana wake."

A Wadson anatembenuza njinga, nabwerera.

Atafika kumudzi anapeza mbumba yonse itasonkhana pakhomo pa a Keziya. Yosiya anali atatsamira chipupa, fumbi lili mbuu m'miyendo, chifukwa mayi wake anali atalephera kumunyamula tsiku limenelo.

"Atsibweni, atate ali kuti?"

A Wadson anagwada patsogolo pa mwanayo, anthu onse akuona. "Atate ako sanalakwe, Yosiya. Wolakwa ndine. Apita kumigodi. Aliyense wopita kumeneko ndizimutuma mawu mpaka awapeze." Anatembenukira kwa azilongo awo. "Ndipo pamudzi pano pasadzapezeke wina woponya khasu la munthu chifukwa cha nthenda iyi. Ndi ya m'magazi athu."

Mlongo wawo wamng'ono anangokumbatira kamwana kake kakamuna mwamphamvu.

A Wadson anapereka msana. "Kwera, tikasambe."

Yosiya anayesa kukweza manja, koma anagwa okha. A Wadson anawatenga, nawakoleka pakhosi pawo, n'kudzuka. Ha! Sankadziwa kuti katundu amene a Mailosi ankasenza tsiku ndi tsiku mosadandaula anali wolemera chonchi.

"Si choncho, atsibweni," ananong'ona Yosiya. "Atate amandigwira apa, kunsi kwa mawondo."

A Wadson anasuntha manja, misozi ili chuchuchu, nayamba kutsetsereka kumtsinje.